Makina a kukhitchini: gulani ogwira ntchito, osati okongoletsa kabati

Ana anga, dzinja likangotha anthu n'kukolola, maukwati amayamba, ndipo ife amayi akuluakulu sitikhalanso pansi. Uku akutiitana ku bridal shower, uku ku kitchen top-up, ati tikalankhule ndi atsikana za kasamalidwe ka pakhomo. Chimene ndaona zaka zino n'chakuti mndandanda wa mphatso wasintha. Kale mkwatibwi ankalandira mapoto, mbale, lichero, sefa, chipande ndi mthiko, azakhali ake n'kubwera ndi mtondo ndi munsi wake. Lero pamwamba penipeni pakumalembedwa food processor, ena akuti bulenda, ndipo amene sanalandire pa ukwati akumasunga ndalama kuti adzagule mwana woyamba akabadwa.

Ndiye mafunso sakutha. "Amayi, ndigule a mtundu wanji? Nanga ndikagule kuti?" Abambo nawo amafunsa, koma lawo limakhala limodzi: "Zimenezi sizitimalizira mayunitsi?" Ine sindigulitsa makina, ndipo palibe sitolo yandituma. Ndine namwino wopuma pa ntchito. Zaka zanga zambiri zinathera ku sikelo ndi m'wodi ya ana, ndipo mpaka lero ndimaphika ndekha. Choncho ndikamaona makina amenewa ndimaganiza za zimene zikalowe m'mimba mwa mwana, komanso za chala chimene chingakumane ndi mpeni wozungulira.

Musanafunse za sitolo, dzifunseni kuti makinawo azikagwira ntchito yanji pakhomo panu. Osati ntchito imene munaona pa TV, koma imene mumagwira sabata ndi sabata mpaka msana kuwawa. M'sitolo muli makina atatu osiyana amene ambirife timangowatchula dzina limodzi, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu zimalowera m'madzi.

Bulenda ndi ija ya jagi yaitali, timipeni tili pansi. Imafuna zamadzimadzi: juwisi wa mango kapena mapapaya, tomato wa supu, nthochi ndi mkaka. Mukaikamo zouma zokhazokha, timipeni timangozungulira pansi, zapamwamba osatsika. Food processor yeniyeni ili ndi bakuli lotambalala, mpeni waukulu wopindika ngati chilembo cha S, ndi timbale tachitsulo todulira kabichi, karoti ndi mbatata. Imadula anyezi popanda misozi, imagaya nyama, imakanda ufa wa masikono, ndipo chigwada imasinja bwino ndithu. Achitatu ndi makina operera zouma, okhala ndi kapu kapena jagi yachitsulo yotsekeka zolimba. Nthawi zina kakapu kotere kamabwera m'bokosi limodzi ndi bulenda, koma kamakhala kakang'ono, kongokwana mtedza wodzaza dzanja.

Food processor inabadwira ku France. Anaiyambitsa ndi bambo wina dzina lake Pierre Verdun, amene ankaona ophika m'malesitilanti akutha nthawi yambiri ndi kudula ndiwo. Ku America inalowa m'nyumba za anthu mu 1973 ndi dzina la Cuisinart. Ndanena mbiriyi kuti mudziwe kuti opanga ake ankaganiza za anyezi, tchizi ndi ufa wa tirigu. Sankaganiza za chimanga chathu chamakolo chouma gwa, cholimba ngati timiyala. Mukathiramo chimanga, bakuli limakandika, mpeni umabuntha, kenako mumamva kafungo ka waya wopsa. Chimanga n'cha kuchigayo basi, ndipo palibe makina a pa tebulo amene angalowe m'malo mwa chigayo.

Amwenye kwawo ali ndi makina awo otchedwa mixer grinder. Amakhala ndi majagi awiri kapena atatu achitsulo, ndipo anawapangira kupera mpunga, nyemba zawo ndi zonunkhiritsa ndiwo. Pa nkhani yopera zouma, khitchini yawo ikufanana ndi yathu kuposa ya azungu. N'chifukwa chake ine, banja laling'ono likandifunsa, ndimati ngati chimene mukufuna ndi nsinjiro, ufa wa soya, ufa wa usipa ndi tomato wa ndiwo, yambani ndi makina a mtundu umenewu, kapena bulenda yamphamvu yokhala ndi kapu yopera zouma. Food processor ya timbale tambirimbiri ija idzabwere pambuyo, ngati ndinu okonda kuphika makeke ndi masaladi, kapena pakhomo panu sipatha alendo.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba, chifukwa makina paokha si nkhani yoti namwino ataye nayo tulo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Musaganize kuti onsewo anali a kumudzi kapena a osauka. Ku sikelo ndinkalandira ana a aphunzitsi ndi a anthu a m'maofesi, ovala bwino, onunkhira sopo, koma mzere wa pa khadi lawo utagona osakwera. Ukafunsa kuti mwana akudya chiyani, yankho linali phala. Phala lanji? La ufa woyera, lamadzimadzi, lothira shuga. Mayi akuchoka m'mawa, akubwera dzuwa litalowa, mphamvu yoti agwire munsi alibe, ndipo m'nyumba zalendi zogundizana zija kusinja usiku ndi kuyambana ndi aneba. Apa ndi pamene makina opera amathandiza zenizeni. Mphindi imodzi, nsinjiro ya masiku atatu yatheka.

Miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira mwana ayamwe bere lokha. Osampatsa madzi, osampatsa juwisi, ngakhale makina anu akhale atsopano chotani ndipo manja akuyabwa kufuna kuwayesa. Akakwanitsa miyezi imeneyi, muyambitseni phala la mgaiwa, ndipo muzithiramo supuni ya nsinjiro, kapena ufa wa soya, kapena ufa wa usipa wouma umene mwautsuka, kuuwamba n'kuupera mpaka minga osamvekanso. Likuni Phala amene tonse timamudziwa nzeru yake ndi yomweyi, chimanga chosakaniza ndi soya, ndipo pakhomo mungathe kuchita magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya. Tsiku lina thiranimo dzira, lina peyala, lina masamba a nkhwani kapena bonongwe ophika n'kuwapera. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja amene timaimba ku sikelo amalowa m'kambale ka mwana mwanjira imeneyi.

Koma makina abwera ndi mavuto ake amene mtondo unalibe. Mayi wosinja mumtondo amayamba wakhala pansi ndi lichero, n'kusankha mtedza umodziumodzi. Wa makina amangotsegula jumbo n'kukhuthula. Mtedza wofota, wobooka, wakuda kapena wa chuku umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu safa ndi moto wophikira kapena wokazingira. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono, amatha kuyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo madokotala amamutchulanso pa nkhani ya ana osakula bwino. Ukapera, woipa ndi wabwino umasanduka ufa umodzi woyera mbee, palibe angazindikire. Choncho lichero lisachoke m'khitchini. Sankhani, tayani woipawo, ndipo musaupatse nkhuku poganiza kuti mwapulumutsa. Ubwino wokhala ndi makina anu ndi womwewu: nsinjiro ya m'timapepala ya pamsika simudziwa mtedza umene unalowamo, pamene yanu munausankha ndi maso anu. Muzipera pang'ono, chifukwa nsinjiro ili ndi mafuta ndipo ikakhalitsa imayamba fungo ndi kuwawa. Sungani m'botolo louma lotseka bwino.

Soya naye musapere wamuwisi. Ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya bwino chakudya, ndipo mwana amatupa mimba. Mukazingeni kaye mpaka asinthe mtundu ndi kununkhira, mupete makoko, azizire, ndiye mupere pang'onopang'ono. Ngati ndi wambiri, musavutitse makina, pitani naye kuchigayo limodzi ndi chimanga.

Vuto lina ndaliona kwambiri m'tauni zaka zino, ndipo limandimvetsa chisoni chifukwa limachokera m'chikondi. Mayi akagula bulenda amafuna chilichonse cha mwana chidutse mmenemo. Nsima, ndiwo, nyama, zonse pamodzi, kuthira madzi, kupukusa mpaka zisanduke ngati thobwa. Mwana akufika zaka ziwiri sadziwa kutafuna, akamva kachibulumwa mkamwa akulavula kapena kusanza, ndiye makolo akuthamangira kuchipatala ati ali ndi vuto la pakhosi. Pakhosi palibe kanthu. Kutafuna mwana amachita kuphunzira, ndipo nthawi yake ndi yomweyi ya miyezi yoyamba kudya. Yambani ndi zosalala, koma pakangopita milungu muzingokanya ndi foloko. Pofika miyezi isanu ndi itatu azigwira yekha kachidutswa ka nthochi kapena mbatata yofewa. Akakwanitsa chaka azidya za banja lonse, zoduladula. Komanso chakudya chamadzimadzi chimadzaza kamimba kake ndi madzi, iye n'kugona ngati wakhuta pamene wadya zochepa. Phala la mwana likhale lolimbirako, loti mukapendeketsa supuni lisayenderere. Mtedza wathunthu wokha ndiye ayi mpaka atafika zaka zisanu, chifukwa umatsamwa, ndipo uchi musampatse asanakwanitse chaka.

Mukadziwa mtundu umene mukufuna, kaonedwe kake m'sitolo n'kosavuta, bola osachita manyazi. Musawerenge bokosi. Uzani wogulitsa atulutse makinawo, muwatembenuze, muwerenge kachikwangwani ka kunsi. Pali nambala yotsatana ndi chilembo cha W, imeneyo ndiyo mphamvu ya magetsi imene mota imakoka. Ya 300W imakwanira juwisi ndi tomato. Yopera mtedza ndi soya kawirikawiri ikhale pakati pa 500W ndi 750W. Tsono m'misika mwadzaza mabokosi olembedwa manambala oopsa, 5000W, ena 8000W, mtengo wake wotsika modabwitsa. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya 13A, ndipo pa magetsi athu siingapirire zoposa 3000W. Ndiye nambala zazikuluzo ndi utoto chabe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyamulani tsinde la makinawo m'manja. Mota yabwino imalemera. Ikapepuka ngati chidole cha mwana, ibwezeni pa shelefu.

Kenako yang'anani pamene jagi imalumikizana ndi mota. Pali kagudumu ka mano, ka pulasitiki kapena ka mphira, ndipo kameneka ndiko kamayamba kutha. Funsani mosabisa: kakatha ndikapeza kuno? Nanga jagi ikasweka? Nanga mphira wa pansi pa mipeni akayamba kudontha? Wogulitsa akayamba kukanda m'mutu, dziwani kuti tsiku limene kachinthu ka mtengo wa buledi kadzathe, makina onse adzakwera pamwamba pa kabati. M'nyumba zambiri zimene ndimalowa ndimawaona ali pamenepo, atafunditsidwa kansalu koluka, mota ili bwinobwino koma jagi kulibe.

Jagi yagalasi siigwira fungo la adyo ndi anyezi, koma ndi yolemera ndipo ikagwa pa simenti zathera pomwepo. Ya pulasitiki ndi yopepuka koma zouma zimaikanda. Yachitsulo ndiye yoyenera kupera, ngakhale suona za m'kati. Onetsetsani kuti makina sakuyaka chivindikiro chisanatsekedwe bwino, makamaka food processor, chifukwa mpeni wake ndi waukulu. Ma mixer grinder ambiri ali ndi kabatani kunsi kamene kamazimitsa mota ikalemedwa, ndipo kameneka kapulumutsa makina ambiri. Bakuli la malita awiri ndi lokwanira banja la anthu anayi kapena asanu. Za timipeni khumi ndi tiwiri tija, werengani timene mungagwiritse ntchito mwezi uno. Mukapeza titatu, musalipirire tinato.

Za magetsi. Athu ndi a 230V, ndipo masoketi athu ndi ofanana ndi a ku Britain. Makina ochokera ku London amangolowa. A ku South Africa mphamvu ndi yomweyo, koma ambiri amabwera ndi pulagi ya mano onenepa ozungulira. Pitani nayo kwa wodziwa za magetsi akuikireni pulagi yathu. Zodula pulagi n'kulowetsa mawaya m'soketi ndi timitengo ta machesi zija, m'khitchini mmene muli madzi ndi ana, ndi kuitana maliro. Choopsa kwambiri ndi mphatso zochokera ku America ndi Canada. Kumeneko magetsi ndi a 120V. Achimwene anu akutumizirani makina okongola ndi mtima wabwino, inu n'kupeza adaputa, kulumikiza, phu! Utsi. Adaputa imangosintha mabowo, siisintha mphamvu. Musanalumikize chilichonse chochokera kunja, onani ngati palembedwa 220V mpaka 240V. Wachibale akafuna kukugulirani ali kumeneko, muuzeni mwaulemu kuti atumize ndalama mugule konkuno.

Kuzima kwa magetsi simufuna kuti ndikuuzeni. Mu January 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo tinakhala miyezi yambirimbiri tikuwerenga maola a mdima. Amene anali atapereka mitondo yawo kumudzi anayamba kubwereka kwa aneba. Mtondo musaupereke. Magetsi akazima muli pakati popera, zimitsani batani ndipo zulani pulagi. Pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola n'kuotcha mota. Komanso makina osiyidwa choyatsa amadzidzimuka okha magetsi akabwera, mwina nthawi imeneyo wina walowetsa dzanja akukokota za m'kati. Amene muli ndi sola yaing'ono ya mababu ndi kutchajira foni, imeneyo siingayendetse mota yotere, funsani kaye amene anakuikirani.

Inu abambo a mayunitsi, mtima pansi. Makina a 600W akagwira ntchito mphindi zisanu amadya gawo limodzi mwa magawo 20 a yuniti imodzi. Ndiye kuti yuniti imodzi akazi anu apera nayo ka 20. Chimene chikukumalizirani mayunitsi ndi hotipuleti, ayironi ndi ketulo, osati aka.

Nanga kogula? Masitolo akuluakulu a m'mamolo, monga ku Chichiri mu Blantyre kapena ku Gateway mu Lilongwe, mtengo umakhala wokwererako ndipo sanenerera, koma umatuluka ndi lisiti ndi pepala la warranty, ndipo mawa ukabwerera uwapeza pomwepo. Maina ngati Philips, Kenwood, Moulinex ndi Russell Hobbs ndi odziwika kalekale, koma dzina lodziwika ndi lomwenso akuba nzeru amakonda kumata pa katundu wawo. Werengani kalembedwe ka dzinalo chilembo ndi chilembo, onani ngati m'bokosi muli kabuku ka malangizo kosindikizidwa bwino, ndiponso ngati nambala ya pa makina ikufanana ndi ya pa bokosi.

Masitolo a zamagetsi a ku Limbe, a ku Old Town ku Lilongwe ndi a m'tauni ya Mzuzu ine ndimawakonda pa chifukwa chimodzi: umatha kulankhula ndi mwini wake. Mtengo mumakambirana, ndipo ma mixer grinder aja ndi kumene mungayambire kufunsa. Sankhani sitolo imene yakhala pamalopo zaka, yoti anthu a m'deralo amaidziwa, osati imene yatsegulidwa mwezi watha ndipo ikugulitsa nsapato, mawigi ndi mabulenda pa shelefu imodzi. Funsani ngati ali ndi munthu wokonza. Funsaninso anzanu a kuntchito kapena a kumpingo amene makina awo atha zaka zitatu akugwira ntchito kuti anagula kuti. Safunsa anadya phula.

Za kaunjika sindizinyoza. Makina akale ochokera ku Britain ena ndi olimba kuposa atsopano otchipawa. Koma mukugula opanda warranty, ndipo jagi yake ikasweka mwina simudzaipezanso. Gulani pokhapokha awayatsa inu mukuona, mwayang'ana ming'alu pa bakuli, mwaona kuti waya sanamangidwe ndi tepi, ndipo mtengo wake ndi woti akafa chaka chamawa simulira.

Pa Facebook ndi WhatsApp pali ochita malonda oona mtima, ndipo pali akathyali. Chithunzi sichipera mtedza. Musatumize ndalama pa foni katundu musanamugwire. Kumanani pamalo pamene pali soketi, muyese, ndiye mulipire. Za kuitanitsa kwa oyenda ku Joni kapena ku Dar es Salaam, werengerani zonse: mtengo, cholipira wonyamula, msonkho wa pa chipata, ndi pulagi yosintha ija. Ndipo kumbukirani kuti warranty yake yatsala ku Johannesburg. Makina akafa mwezi wachiwiri, mudzakwera basi kukadandaula?

Kulikonse kumene mwagula, musatuluke asanawayatse. Auzeni athire madzi m'jagi ayendetse pa liwiro lililonse. Yang'anani ngati pansi pakudontha, mverani ngati mukulira zitsulo zokhulana, nunkhizani ngati pali fungo la kupsa. Amene muwayesewo ndi omwewo alowe m'bokosi lanu, osati ena ochokera kuseri. Lisiti ilembedwe dzina la makina, tsiku ndi mtengo, ndipo pa pepala la warranty adindepo chidindo. Malisiti a masiku ano amafufutika pakangopita miyezi yochepa, choncho ijambuleni pa foni tsiku lomwelo. Bokosi lisungeni mpaka warranty ithe. Mukaona chikwangwani chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa, chisakuopseni. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limaletsa wamalonda kudzichotsa pa mlandu wa katundu wowonongeka mwanjira imeneyi, ndipo limalandira madandaulo a ogula. Kulinso bungwe la Consumers Association of Malawi. Koma konseko chimene adzayambe kukufunsani ndi lisiti.

Mitengo sinditchula, chifukwa imene ndingalembe lero mwezi wamawa ikhala nthano. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu aliyense wochokera kunja anakwera, ndipo makinawa onse ndi akunja. Ndiye si chinthu chogula mongodzuka. Khalani pansi awirinu. Inu abambo, musakagule mwakachetechete kuti mudzadabwitse akazi anu, funsani wophikayo chimene chimamutopetsa, mwina mudzamva kuti akufuna poto wa pulesha wophikira nyemba. Ndipo akabwera makinawo, nanunso phunzirani kabatani kake, phala la mwana silidikira kuti mayi abwere ku ntchito. Inu amayi, musalowe katapila chifukwa mnzanu wa pa mzere wanu wagula. Dikirani nthawi yogawana ku banki m'khonde. Ngati ndalama ilipo ndi imodzi yokha, ndipo mukusankha pakati pa makina ndi thumba la mtedza, nyemba ndi mazira a mwana, gulani chakudyacho, mtondo usinja.

Apongozi ena akawaona amati, "Akazi a masiku ano ulesi, ife tinalera ana asanu ndi atatu ndi munsi." Musayankhe mwamwano. N'zoona anasinja, koma ambiri a iwo sankakwera minibasi ziwiri m'mawa kuthamangira kusaina buku la kuntchito. Apangireni ndiwo zotendera ndi nsinjiro ya makina anuwo, adye, kenako muwafunse ngati asiyanitsa. Ine amene ndikulemba ndi mpongozi wa anthu, ndipo zala zangazi zikamawawa m'mwezi wa June sindifunsa kuti nsinjiro yadutsa kuti.

Amene mukuganiza zochita nawo bizinesi, kaya ya chiponde kaya ya juwisi wa malambe wogulitsa, dziwani kuti makina a pakhomo sanapangidwire kulira tsiku lonse. Ambiri amafuna kupuma akayenda mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo kabuku kake kamanena. A bizinesi alipo ake, okwera mtengo.

Katsukidwe ndi kamene anthu ambiri amalephera. Pansi pa mipeni pali mphira uja, ndipo kuseri kwake kumabisala zotsalira. Tsegulani bulenda ya munthu amene amangotsukuluza ndi madzi, mudzapeza zakuda zonanda zonunkha, ndipo mawa lake mmenemo mukudutsa mapapaya a khanda. Mwana akatsegula m'mimba timanamizira mano akumera. Masulani zonse zimene zimamasuka, tsukani ndi sopo ndi kaburashi mukangomaliza, ndipo ziume musanabwezeretse. Mukagaya nyama kapena nkhuku yaiwisi, tsukani ndi madzi otentha musanaikemo china. Juwisi saphikidwa, choncho madzi ake akhale owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo zipatso zitsukidwe musanasende. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira yake ndi madzi ndi chakudya. Chakudya cha mwana chopera chisakhale pa tebulo maola oposa awiri, ngati mulibe fuliji pangani chongokwana nthawi imeneyo.

Tsinde la mota musaliviike m'madzi, ingolipukutani pulagi mutazula. Mpeni wa S uja musauponye m'beseni la thovu pamodzi ndi mbale, chifukwa wotsuka saona, amangomva kutentha pa chala. Ndasokapo zala zambiri zotere, za amayi ndi za atsikana antchito. Mtsikana wantchito muphunzitseni inu muli pomwepo, kawiri katatu, musangomulozera. Waya asalendewere m'mphepete mwa tebulo pamene mwana wokwawa angakoke.

Zotentha musaike m'bulenda. Nthunzi imakankha chivindikiro, ndipo supu kapena phala limathovukira kumaso ndi pachifuwa, mwinanso pa mwana amene ali kumbuyo kapena wagwira chitenje chanu. Dikirani zizizire, dzazani theka lokha, gwirani chivindikiro ndi kansalu, ndipo yambani ndi liwiro lotsika. Ngozi ikachitika, thirani madzi ozizira oyera pa balalo kwa mphindi 20, chotsani mphete ndi zibangili malo asanatupe, phimbani ndi nsalu yoyera. Osapaka mankhwala otsukira mano, dzira, ufa kapena mafuta ophikira, ndipo matuza osawaboola. Ngati wapsa ndi mwana, kapena bala lili kumaso, m'manja kapena ndi lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.